Belu la Chitsulo Choyera

Rimu ya tayala la lole imene inkalendewera pa mtengo wa mabulosi kuseri kwa tchalitchi, imene ankailiza ngati belu, inabedwa mkati mwa sabata. Palibe anadziwa mpaka Lamulungu m'mawa, pamene woliza belu anafika ndi chibawuti chake m'manja n'kupeza waya yekha akugwedezeka ndi mphepo. Otolera zitsulo zakutha anali atadutsa ndi ngolo yawo. Tchalitchicho chinali chaching'ono, chakumapeto kwa Kambuzuma, ndipo ankapempheramo ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Malawi kalekale kudzafuna ntchito ku Harare. Tsiku limenelo anthu anafika mmodzimmodzi, ena nyimbo yachiwiri itatha kale.

Mapemphero atatha, akulu a mpingo anakhala pamthunzi kukambirana. Wina anati apeze rimu ina. Wina anati masiku ano aliyense ali ndi foni, belu n'lachiyaninso. A Hector Kachepa anali atatsamira tsinde la mtengo, maso ali chitsekere, ndipo onse ankayesa kuti agona monga mwa masiku onse. Kenaka anayankhula osatsegula n'komwe maso.

"Rimu si belu. Ine ndipanga belu lenileni."

Mawuwo anawadzidzimutsa eni ake omwe. Sanawakonzekere. Anangotuluka okha, ndipo mawu akatuluka pagulu sabwereranso m'kamwa.

A Hector anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Unyamata ndi ukulu wawo unathera pa ng'anjo ya fakitale ina ya ku Willowvale, kusungunula chitsulo choyera, chija chouma gwa chimene amapangira ziwiya zoperera miyala m'migodi. Chipumireni pa ntchito, masana awo ankathera pa mpando wa pansi pa mtengo wa mapeyala, osati m'tulo kwenikweni, osatinso m'maso. Pampando pamenepo nthawi zina ankamva kulira kwa zitsulo za ku fakitale kuja, mmene zinkalirira akazigogoda ndi hamala pofuna kumva ngati zili ndi ming'alu. Chitsulo chotuwa, chija amapangira mapoto ndi mainjini, chinkangoti phu, ngati munthu wamenya thumba la chimanga. Koma choyera chinkaimba. Mawu ake ankakwera mpaka kudenga la malata, n'kukhalako kanthawi asanatsike.

Akazi awo, mayi Ratidzo, Mshona wa ku Mhondoro amene anaphunzira Chichewa kwa apongozi awo, anaimva nkhaniyo a Hector asanafike n'komwe pageti.

"Baba a Annet, akuti mwalonjeza chiyani kutchalitchi?"

"Belu."

"Ng'anjo yake ili kuti? M'khitchini mwanga?"

"Ku Hopley kuli Custodio."

Mayi Ratidzo anawayang'ana nthawi yaitali, manja ali m'chiuno, kenaka anaseka. "Pitani. Mwina mpando uja upumako."

Custodio anali wa ku Angonia, m'chigawo cha Tete. Anathawa nkhondo ali mnyamata, ndipo atayendayenda anadzapeza ntchito yosefa mchenga m'fakitale ija ya ku Willowvale, kumene a Hector anamuphunzitsa kuumba zikombole. Tsopano anali ndi imvi zakezake ndi ng'anjo yakeyake kuseri kwa nyumba yake ku Hopley: mgolo wautali womata dongo ndi njerwa mkati, ndi mvukuto woyendera kainjini ka petulo. Ankapanga mapoto amiyendo itatu ndi timbale ta tizigayo toperera chiponde.

A Hector anayamba ndi kusema chifanizo cha belulo pa mtengo wa mlombwa. Ankasema pakhonde, zipalamandu zili mbwee pamapazi, akumaima kawirikawiri kuti asisite thabwalo ndi chikhato. Maonekedwe ake sanawajambule paliponse. Ankangowatsata m'mutu. Litatha, analikulunga m'chitenje cha akazi awo n'kukwera kombi ya m'tauni, kenaka ina yolowera kummwera, mpaka phula linatha ndipo fumbi la Hopley linayamba kulowa pazenera.

Custodio anatembenuza thabwalo uku ndi uku.

"Achikulire, ine ndimapanga mapoto."

"Belu ndi poto wovundikira. Kusiyana kwake ndi mawu basi."

"Ndipo mawuwo tiwathira bwanji mu ng'anjo?"

"Yatsa moto, uona."

Anathira zimene zinali pafupi: mainjini osweka ndi madilamu a mabuleki. Dzuwa litapendeka, Custodio anabowola dongo la kukamwa kwa ng'anjo, chitsulo n'kutuluka ngati uchi woyaka. A Hector anamva kutentha kumaso ndipo zaka zonse zimene anakhala pampando zinangoti zii, ngati sizinakhaleko. Fungo la mchenga wopsa linali lomwelo. Ngakhale manja awo anakumbukira poima.

Atabwererako patapita masiku, anafukula belulo mumchenga, analitsuka ndi bulashi ya waya, n'kulipachika pa mtanda wa shedi. A Hector analimenya ndi hamala.

Dugu.

Nkhuku imene inkapalasa pafupi sinadzutse n'komwe mutu. Custodio anaseka mpaka kugwira mtanda.

"Ndinanena ine! Poto ameneyu. Tingomuika miyendo."

A Hector sanaseke, komanso sanakwiye. Anathyola mchira wa belulo, kachitsulo kotsala pamene madzi a moto analowera, n'kuyang'ana pothyokapo. Panali potuwa ngati phulusa. Atapakhudza, chala chinada.

"Waona mwayewu? Ndi kaboni ameneyu, wakhala payekha m'kati mwa chitsulo. Mainjini awa ali ndi silikoni wambiri, ndipo silikoni salola kuti kaboni agwirane ndi chitsulo. Amamukankhira pambali, n'kukhala timamba takuda tofewa. Timamba timeneto ndi timene tikumeza mawu. Komanso talinenepetsa kwambiri, lazizira mochedwa."

"Ndiye titani?"

"Tisake masipuling'i a magalimoto, ndi chidutswa cha njanji ngati chingapezeke. Mulibe silikoni wambiri m'menemo. Ndipo thabwali ndikalipala, lionde."

Mwezi wa Okutobala unafika akusakabe zitsulozo. Kunkatentha moti msewu unkaoneka ngati wathiridwa madzi kutsogolo, munthu n'kumauyandikira koma osawapeza. A Hector anada ndi dzuwa, nsapato zinatha zidendene, koma mayi Ratidzo anaona kuti sadza, nsima ya kuno, sankasiyanso m'mbale.

Belu lachiwiri linatuluka mumchenga tsiku lina masana, mphepo itaima. Custodio atathyola mchira wake, pothyokapo panawala ngati mchere wa miyala. Analipachika pa mtanda uja, Custodio n'kupereka hamala kwa a Hector ndi manja awiri.

Analimenya pang'ono chabe, pamlomo.

Mawu anatuluka oonda, oyera, kenaka anatambasuka. Anadutsa pamwamba pa shedi, pamwamba pa nyumba za mabuloko osapaka ndi madenga otsinjiza miyala, n'kumapitabe. Pansi pa mawuwo panali mawu ena, aakulu, onjenjemera, amene munthu ankawamva m'chifuwa osati m'makutu. Amayi amene anali pamzera wa pachitsime anatembenuka, zigubu zili m'manja. Wometa tsitsi wa patsidya anaimitsa lumo m'malere. Ngakhale wailesi ya pa shopu inamveka ngati yadzichepetsa.

A Hector sanalinso ku Hopley. Anali kamwana, atavala kabudula wa khaki, ataima pa phiri lina ku Ntcheu, ulendo wokhawo umene bambo awo anawatengera kumudzi. Kunali nkhungu m'chigwa chonse, nsonga za mitengo zokha zikuyandama pamwamba pake. Dzanja lawo linali m'dzanja la bambo awo, lokhakhala ndi lotentha. Ndipo kuchokera pansi pa nkhunguyo, kumene sikunkaoneka nyumba kapena munthu, kunkalira belu. Zimenezi anali ataziiwala kotheratu. Sankadziwa kuti maonekedwe aja ankasema pakhonde anali a belu limene sanalionepo ndi maso.

Atayang'ana pambali anaona Custodio atavula chipewa, milomo ikuyenda. Sanamufunse kumene iye anali.

Mawu aja asanathe, a Hector analimenyanso. Kenakanso. Anthu anayamba kusonkhana kumpanda. Dzanja linayamba kulemera ndi chimwemwe, ndipo anamenyanso, mwamphamvuko.

Kha!

Mng'alu unathamanga kuchokera pamlomo mpaka paphewa la belu, mwachangu kuposa diso. Chibenthu chachikulu ngati chikhato chinagwera mufumbi. Mawu onse anaduka pomwepo, ngati wina watseka chitseko. Amayi aja anaimabe kanthawi, kenaka anabwerera ku zigubu zawo.

A Hector anatola chibenthucho, n'kuchiika m'thumba la jekete, n'kukakwera kombi osatsanzika.

Anabwerera pampando wawo. Mayi Ratidzo ankawaikira tiyi pambali, n'kudzamuchotsa atazizira. Loweruka kunabwera Annet, mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito yopima zitsulo pa fakitale ina ya ku Msasa. Annet ankalota ndi kukangana m'Chishona, koma kwa bambo ake ankayesetsa kuyankhula Chichewa, mwapang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Ataimva nkhani yonse kwa mayi ake, anadzakhala pansi pafupi ndi mpando uja.

"Baba, ndione chibenthucho."

Anachitembenuza padzuwa, maso atatsinzinira.

"Mundibwereke. Ndipo Lachitatu mubwere ku ntchito kwanga."

"Kudzatani? Belu lasweka, lasweka."

"Mubwere basi. Mwakhala mukuphika chitsulo ichi moyo wanu wonse. Simukufuna kuona m'kati mwake?"

Lachitatu anavala jekete la kutchalitchi. Chipinda cha Annet chinali chaching'ono, chozizira, chonunkhira mankhwala. Chibenthu chija anali atachidula kachidutswa, n'kukapukuta mpaka kuwala ngati kalilole, kenaka n'kukadonthezera mankhwala odya chitsulo pang'ono kuti zam'kati zioneke. Anakaika pansi pa maikulosikopu, n'kuwakokera bambo ake mpando.

"Vulani magalasi. Yandikitsani diso. Tembenuzani apa mpaka muone bwino."

Poyamba anangoona kuwala kozungulira ngati mwezi. Kenaka mweziwo unayera, ndipo m'kati mwake munali dziko. Munali timinda takuda, tozungulirazungulira, tondondozana ngati masamba a mtengo wa bwemba. Pakati pa timindato panali tinjira toyera mbee, tolumikizana tonse, kuchokera kumapeto ano mpaka kumapeto uko, popanda poduka. Zinali ngati kuyang'ana mudzi kuchokera kumwamba mwezi ukuwala.

"Zoyerazi n'chiyani?"

"Ndi kabayidi, baba. Kaboni atagwirana ndi chitsulo. Munachita bwino kuchotsa silikoni, onani, mulibe mwaye ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake linaimba. Koma kabayidi ameneyu ndi wolimba ngati galasi, ndipo amaswekanso ngati galasi. Tsono onani mmene wagwiranirana. Mng'alu ukangoyamba pamlomo, wapeza msewu wa phula mpaka kumutu. Palibe chouimitsa."

A Hector anatsata kanjira kamodzi ndi diso. Kanakhota, kanagawika, kanakumananso ndi kena, osatha. Anauona mng'alu uja ukuthamanga m'menemo.

Annet anachotsa kachidutswako n'kuikapo kena. "Aka ndi ka zimene timathira kuno, za m'migodi. Gawo limodzi mwa magawo anayi ndi kromu."

Dziko lina. Tinjira tija munalibe. M'malo mwake munali timitengo toyera tomwazikana, kalikonse pakokha. Tina tinagona chotalika ngati mapesi m'munda wokolola. Tina tinaoneka chakumutu, tangodya zisanu ndi imodzi, tili ndi kabowo pakati ngati bango lodula. Pakati pa kamtengo ndi kanzake panali chitsulo chosalala, chotakasuka.

"Kromu akakhala wochepa amangolowa m'kabayidi yemweuja, tinjira n'kukhalabe," anatero Annet. "Koma akachuluka amamulanda kaboni, n'kupanga kabayidi wa mtundu wake. Ameneyo samera ngati ukonde, amamera ngati timitengo. Ndi wolimba kuposa woyamba uja, koma sagwirana manja. Mng'alu ukathyola kamtengo kamodzi, umakagwera m'chitsulo chofewerapo, n'kutopa. Kungoti kaboni asachuluke. Akachuluka, timitengoto timanenepa ngati zipika, ndiye vuto labwereranso."

A Hector sanachotse diso pa maikulosikopu.

"Ndinkamuthira ndi fosholo kromu ameneyu," anatero potsiriza, motsitsa mawu. "Miyala yolemera, yonyezimira. Ankangotiuza kuti mafosholo akutiakuti. Ndinkadziwa kuti amalimbitsa. Koma nkhope yake sindinaionepo."

"Ine nkhope yake ndimaiona tsiku lililonse," anatero Annet. "Koma sindinamvepo chitsulo chikuimba mpaka anthu kusiya kutunga madzi. Amayi akuti a Custodio anawauza pafoni kuti analira."

"Custodio amalira ndi utsi."

Anaseka onse awiri.

Pobwerera, kombi inaima nthawi yaitali pa mphambano ya m'tauni, dzuwa likuwomba pazenera, maluwa a jakaranda akugwera pagalasi. Mutu wa a Hector unalemera. Anapezeka akuyenda m'munda waukulu wa siliva, opanda nsapato, ndipo pansi sipankatentha. Mapesi oyera anaima motalikirana, aatali kuposa nyumba. Akakhudza limodzi linkalira, lina n'kuyankha patali. Anaona anzawo a ku ng'anjo amene anamwalira kalekale atakhala pamithunzi ya mapesiwo, akudya mabanzi, aliyense pansi pa phesi lake, akukodolana koma osayandikirana. Anafuna kuwafunsa ngati kumeneko kumakhala Lamulungu. Anadzidzimuka hwindi, wothandizira dalaivala uja, akuwagwedeza paphewa n'kuwauza m'Chishona kuti afika: "Mudhara, tasvika. Kambuzuma."

Kromu wochuluka chotero sakanatheka mu mgolo wa Custodio. Pankafunika ng'anjo yamagetsi. Annet anakayankhula ndi a Shingirai, kapitawo wa ku ng'anjo ya kuntchito kwake. Nthawi zonse akatha kuthira ziwiya za m'migodi, pansi pa mtsuko waukulu pankatsala chitsulo chimene ankangochikhuthulira mumchenga kuti adzachisungunulenso. A Shingirai anakanda m'mutu, anakafunsa akuluakulu, n'kubwerako akumwetulira. Anati m'fakitalemo anathirapo zinthu zambiri, koma belu ayi, ndipo ankafuna kuona.

Custodio anabwera ku Msasa atavala malaya oyera, amene anada asanamalize n'komwe kusefa mchenga. Anaumba chikombole pakona ya fakitale, anyamata a pamenepo atamuzungulira. Annet anaumirira kuti mlomo wa belu aunenepetseko ndi phula la njuchi pa thabwa lija, ndi kuti pasakhale ngodya yakuthwa paliponse. A Hector anatsutsa. Anati belu lonenepa mlomo limayankhula ngati munthu wa chimfine.

"Baba, mukufuna loimba tsiku limodzi kapena loitana anthu zaka?"

Anatenga phulalo n'kumata okha.

Pa tsiku lothira anawaveka chipewa cha alendo n'kuwaimika kuseri kwa mzera wachikasu. Mtsuko unabwera ukulendewera pa unyolo, kuwala kwake kukuyenda padenga. Anyamata atafika pa chikombole cha belu, a Hector anaona kuti manja awo omwe akwera m'malere, akupendeketsa mtsuko umene sanaugwire. A Shingirai anawaona, n'kuuza anyamatawo kuti atsate dzanja la mdalayo. Chitsulo chinalowa mwakachetechete, mosadukiza, mpaka chinasuzumira pakamwa pa chikombole ngati diso lofiira.

Belu limeneli sanalifulumizitse. Linazizira mumchenga momwemo, kenaka Annet analilowetsa mu uvuni pamodzi ndi ziwiya za m'migodi kuti mkwiyo wa m'kati mwa chitsulo utsike. Lilime lake analipanga la chitsulo chofewa. Belu litatuluka, analipachika pa unyolo pabwalo la fakitale nthawi ya chakudya chamasana, antchito atakhala pamigolo ndi mbale zawo.

A Hector anakoka lilime lija n'kulisiya.

Linalira. Mawu ake anali okwera, ouma, omveka bwino, ofika patali. Anyamata anaimba m'manja, wina analiza mluzu. Koma mawuwo sanachedwe m'malere. Anapita molunjika n'kutha, ndipo pansi pake panalibe mawu ena aja onjenjemera. A Hector anadikira nkhungu ija ndi phiri lija. Sizinabwere. Panali bwalo la fakitale basi, ndi dzuwa, ndi fungo la mchenga wopsa.

Anatenga hamala yaikulu n'kulimenya ndi mphamvu zawo zonse, mpaka Annet anagwira pakamwa. Analimenyanso, ngati akulipempha kuti lisweke. Belu linangoyankha chimodzimodzi, losatekeseka.

"Lili bwino," anatero, akubweza hamala. "Mwana wanga, lili bwino kwambiri."

Annet anasangalala, ndipo iwo anasangalala pomuona akusangalala. Custodio yekha ndiye anawayang'ana m'maso, n'kuyang'ana pansi.

Analipachika kutchalitchi pa nsanamira zachitsulo zokwiriridwa mu simenti, goli lake atawotcherera kuti asadzalichotse munthu. Lamulungu loyamba linalira mpaka ku mashopu, ndipo anthu anafika nyimbo yoyamba isanayambe, ena amene anali atasiya kalekale kubwera, kudzangoona. Abusa anawaimiritsa a Hector kutsogolo. Amayi a chigwirizano analuluta. Gogo wina wosaona bwino anapempha kuti amutsogolere akaligwire, ndipo ataligwira anati n'lozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Masana ake kunyumba kwa a Kachepa kunali alendo. Custodio anabwera ndi nkhuku yamoyo m'manja ngakhale kuti mayi Ratidzo anali ataphika kale ina. Anadyera panja, Annet atakhala pamkeka ndi mayi ake. Atasamba m'manja, Custodio anakhosomola.

"Achikulire, ku Hopley andivutitsa. Amayi a pachitsime aja akundifunsa kuti belu lija linapita kuti. Ndikawauza kuti linasweka sakhulupirira. Akuti ndinaligulitsa kwa azungu. Mmodzi akuti tsiku lija anali ndi mutu kuyambira m'mawa, litangolira mutu unasiya."

"Bodza limenelo," anatero mayi Ratidzo.

"Bodza kapena zoona, akulifuna. Akuti likhale pa sukulu yathu ija, ana azidziwa nthawi."

A Hector anayang'ana m'mwamba, m'masamba a mapeyala, mmene dzuwa linkadontha timadontho. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Annet, tandiuza. Pakati pa lija linasweka ndi ili lapachikidwali, palibe malo? Kromu wochepako pang'ono, mlomo woondako. Tinjira tija tiduke, koma tisathe tonse. Loti liziimba ngati lija, koma likhale."

Annet anaganiza, akuzunguliza chala pamkeka.

"Sindikudziwa, baba. Kuntchito timafunsa kuti chitsulo chipera miyala yochuluka bwanji chisanathe. Palibe anafunsapo kuti chiimba bwanji. Pali malo pamene ukonde umayamba kuduka, koma ngati mawu aja amakhala pamenepo, kaya. Mwinanso sanali kabayidi yekha. Mwina kunali kuonda kwa mlomo, mwina mtanda wa shedi ya a Custodio."

"Mwina inali mphepo ya tsiku limenelo," anatero Custodio.

"Tikhoza kuthira timabelu ting'onoting'ono," anapitiriza Annet, mawu akufulumira, Chishona chikulowerera. "Ngati makapu. Kalikonse ndi kromu wake. Ine ndiziona m'kati, inu muzimvetsera. A Shingirai sangakane, belu lija akulinyadira ngati mwana wawo."

"Ndipo tikapanda kuwapeza mawuwo?" anafunsa Custodio.

"Ana a sukulu alandira belu louma mawu ngati lathuli," anatero a Hector. "Silichedwetsa munthu."

Mayi Ratidzo anasonkhanitsa mbale, akupukusa mutu. Pakhomo la khitchini anatembenuka.

"Timabelu tanuto musadzatipachike m'nyumba mwanga. Ndipo chitenje changa chija baba a Annet anakulungira thabwa, a Custodio, chibwere. N'cha ukwati wa mng'ono wanga."

Custodio analonjeza kuti achichapa yekha. A Hector anali atadzuka kale, akufunafuna kuseri kwa nyumba kachidutswa ka mlombwa kokwanira kusema belu laling'ono ngati kapu.